Wailesi ya Kuseri kwa Khoma

A Kamwendo anamwalira ali chikwiyire nane. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pa maliro awo anthu ankandigwira chanza ngati mwana wa m'nyumba, amvekere: "Pepani achimwene, munkakondana inu." Ine ndinkangoti zikomo, zikomo, mumtima ndikudziwa kuti kwa chaka ndi miyezi iwiri madalawo sananditsekulireko chitseko. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni, ndiye ndati ndilembe, mwina chifuwachi chingapepukeko. Maina ndasintha, ndipo mwana wawo Grace wandilola.

Anali munthu wamtali, wowonda, wovala jekete ndi tayi ngakhale pokataya zinyalala panja. Kuno ku Leicester, Amalawi ndi Azambia omwe, tonse tinkangowatcha Achikulire. Anabwera kalekale, enafe tisanabadwe. Asanachoke kumudzi anali wotanthauzira m'khoti ku Zomba, ndipo ntchito imeneyo sinawachoke m'magazi, ngakhale kuti kuno anakalambira m'fakitale, kuyang'anira makina oluka masokosi. Ukawapatsa moni, ankayamba akuyang'ana kaye. Ukawauza kuti basi inachedwa, akufunsa nambala ya basiyo. Ukawabweretsera ufa wakumudzi, aununkhiza n'kunena kuti uwu ndi wa ku Zambia. Kalata ya kukhonsolo ankaiwerenga katatu, kenako n'kuiunika pawindo. Ankakonda kunena kuti munthu wonena zoona amaiwalako zina, koma wabodza amakumbukira zonse, mpaka mtundu wa malaya amene anavala tsikulo.

Mbiri yawo tonse tinkaidziwa. Anathawa ndale za nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mayi awo atamwalira ku Dedza sanathe kupita kukaika, chifukwa akanangotsika ndege n'kukwera galimoto ya apolisi. Nkhaniyi ankaifotokoza bwino zedi, mpaka mtundu wa galimoto imene inkaima kunja kwa ofesi yawo. N'chifukwa chake pa nkhani ya maliro sankanyengerera munthu. Wina akaferedwa kholo kumudzi n'kuyamba kuwerenga mashifiti ndi masiku a holide, a Kamwendo ankamufikira pakhomo m'mamawa, chipewa chili kumanja. Mawu awo anali amodzimodzi: mayi saikidwa pa foni. Nesi wina wa ku Normanton, ku Derby, anayesa kuwauza kuti mwambo wonse aonera pa vidiyo. Anamukalipira mpaka kulira, mawa lake anali pa basi ya ku bwalo la ndege. Mpaka lero amawathokoza. Ena ankadana nawo. Ine ndinkawaopa n'kumawakondanso, zonse pamodzi.

Tsono wailesi.

Nyumba yawo ku Beaumont Leys inali yogundizana khoma ndi ya mkulu wina wa ku Ireland, a Fintan, munthu wamfupi, wogontha khutu limodzi, amene moyo wake wonse anakumba misewu ya ku England kuno. Onse awiri akazi awo anali atatsogola. Chimene chinawagwirizanitsa chinali Chizungu. A Kamwendo anaphunzitsidwa ndi ansembe a ku Ireland kumishoni, ndiye ankati Chizungu cha Angerezi n'chothamanga ngati cha munthu amene akubisa kanthu, pamene cha a Fintan chinkawakumbutsa kalasi ya Sitandade 5. A Fintan ndi amene anawaonetsa kuti wailesi ya kwawo ku Ireland imaulutsa nkhani zopeka zazifupi, zolembedwa ndi alembi a masiku ano, zolembera khutu osati maso. Munthu mmodzi amawerenga, mphindi khumi ndi zisanu, basi yatha. Lamulungu lililonse chakumadzulo a Fintan ankagogoda katatu pakhoma, kenako n'kutulukira ndi paketi ya mabisiketi. Mipando iwiri pawindo, wailesi pakati. Ine ndikapezekapo, wanga unali stulu ya kukhitchini.

Wailesi yakale itasiya kugwira za ku Ireland, Grace anawagulira kasipika ka pa intaneti. Iwo ankati kanthu kameneka kamamvetsera zokamba anthu, ndiye nkhani ikatha ankakazula kumagetsi n'kukavundikira ndi chipewa cha tiipoti.

A Fintan ankamvetsera atatsinzina. A Kamwendo ayi ndithu! Ankakhala tsonga, pensulo ndi kope zili m'manja, ngati ali m'khoti. Kwa iwo aliyense wolankhula pa wailesipo anali mboni. Nkhani zake zinali za anthu wamba: mlimi amene mlongo wake wabwera kuchokera ku America kudzagulitsa munda, mayi wokonza m'hotela amene watola ndolo pansi pa bedi, mwana amene akukasiya bambo ake kunyumba ya okalamba koma wawauza kuti akupita kokaona nyanja. Ikangotha, mlandu unkayamba.

"Mayi uyu wanama. Mwamva mmene walumphira Lachiwiri? Lachiwiri anali kuti?"

"N'zopeka izi, Kamwendo," ankatero a Fintan m'Chizungu chawo chokoka chija. "Kulibe Lachiwiri."

A Kamwendo ankangoseka m'mphuno. Ankati kwathu wailesi ndi imene inkatiuza amene wamwalira, mudzi wake ndi tsiku loika, ndiye chinthu chimene chimalengeza maliro sichingayambe lero kupeka anthu. Wolemba aliyense, iwo ankati, ndi wakuba: amaba nkhani ya mnansi wake n'kuisintha dzina ndi malaya. Komabe alembi a ku Irelandwo ankawavulira chipewa pa chinthu chimodzi. Ankati amadziwa kuti chachikulu m'nkhani ndi chimene munthu wachilambalala osachitchula.

Chimene iwo ankalambalala anandiuza m'galimoto mwanga. Tinali pa malo oimika magalimoto kuchipatala, masana, dokotala atangowauza kuti mtima wawo watopa. Ndikuti ndilize injini, anandigwira mkono.

"Zimitsani foni, a Jere. Muiike m'kabokosi umo. Mutseke."

Ndinachita zimenezo. Iwo anayang'ana kutsogolo.

"Palibe anandithamangitsa ku Malawi."

Anabwera kuno okha kudzaphunzira zamalamulo. Mayeso anawakana kawiri, n'kulowa m'fakitale kuti angopumirako, ndipo sanatulukemonso. Kumudzi analemba kuti ndamaliza, ndine loya. Anabwereka gauni kwa mnzawo wa ku Ghana n'kukajambulitsa, chithunzicho n'kukapachikidwa m'nyumba mwa mayi awo. Telegalamu ya maliro itabwera, pasipoti inali bwinobwino, tikiti anagula. Koma amalume awo anali atalemba kale kuti loya wathu akadzangofika adzatiimirira pa mlandu wa munda, mbumba yonse ikudikira. Anafika pa siteshoni ya Leicester ndi sutikesi. Sitima ya ku London inabwera, anthu anakwera, inanyamuka. Iwo anakhala pa benchi n'kumasula kamba wa paulendo, buledi ndi mazira awiri owiritsa.

"Njala inandigwira, a Jere. Mayi anga ali m'bokosi, ine njala. Ndinadya onse awiri."

Mawa lake anali ku shifiti. Za ndalezo zinayamba ngati chodzikhululukira m'kalata imodzi, kenako zinakula, zinamera galimoto ya apolisi, mpaka zinasanduka ulemu wawo wonse.

"Mwamva inu nokha. Grace asamve. Akamva Amalawi a kuno, ine ndilowera kuti?"

Ndinalonjeza. Ndipo ndisaname, sabata isanathe ndinamuuza mkazi wanga Esnart. Katunduyo anandilemera.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Lamulungu lina ndinali pa stulu yanga, tiyi ali m'manja. Pa wailesi anayamba kuwerenga bambo wa mawu okalamba. Nkhaniyo inali ya mnyamata wa kumadzulo kwa Ireland amene anabwera ku England n'kumakumba misewu, koma mayi ake ankawalembera kuti ali mu ofesi ya banki. Anabwereka suti kwa mnzake n'kujambulitsa. Telegalamu inabwera. Mnyamatayo anakwera sitima mpaka kudoko, sutikesi kumanja, ndipo sitima ya pamadzi ikuliza lipenga iye anangokhala pa benchi. Pensulo ya a Kamwendo inali itaima. Kenako wowerengayo anati mnyamata uja anamasula pepala, n'kutulutsa buledi ndi dzira lowiritsa.

A Fintan anadzuka. Osatsanzika, mabisiketi kuwasiya pomwepo, chitseko kutsekula, ulendo.

Nkhani itatha, a Kamwendo anazula kasipika kaja, anakavundikira bwinobwino, kenako anatembenukira kwa ine.

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mwamuona mnzanuyo?"

"Bambo, mwina sakupeza bwino."

"A Jere, za dzira ndinauza ndani?"

Mlandu anali atauzenga kale. A Fintan anali ndi mwana wa mchemwali wawo ku Galway amene ankamveka kuti amalemba tinthu. Ndiye ine ndinauza a Fintan, a Fintan anauza mtsikanayo, mtsikanayo anapereka kwa anzake a pa wailesi. Gauni anaisandutsa suti, sitima ya pamtunda anaisandutsa ya pamadzi, Dedza anamuponya kutsidya kwa nyanja. Dzira lokha anaiwala kulisintha.

"Kutanthauzira ndimakudziwa ine, ndinadyera momwemo. Mwanditanthauzira m'Chiairishi."

Ndinalumbira, pali Mulungu, kuti ine ndi a Fintan sitinakambepo zimenezo.

"Munauza ndani?"

"Palibe, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayankha msanga," anatero, n'kunditsekulira chitseko.

Matenda awo ndinapita nawo kunyumba. Esnart amagwira ntchito kunyumba ya okalamba ku Loughborough, ndipo pa shifiti yake pali mayi wina wa ku Ireland. Ndinamukhazika pansi Esnart ngati ndine majisitireti.

"Aaa, inu, mutu ukuyenda koma? Ine ndinyamule mazira a madala aja mpaka ku Ireland, ndikawatani kumeneko? Pa buleki timakamba za msana ndi mabasi. Amene pakamwa panakulakani ndinu, musandipake ine."

Ankanena zoona, koma kwa masabata angapo ndinkamuyang'ana m'mbali akamaseka pa foni. Ndikuchita manyazi polemba zimenezi.

Ndinayesetsa kudziyeretsa. Ndinafufuza pa intaneti n'kupeza kuti wolemba nkhaniyo ndi mayi wachitsikana wopanda ubale uliwonse ndi a Fintan, ndipo ankati anaitenga pa mbiri ya mchimwene wa agogo ake. Ndinasindikiza pepalalo n'kukaponya pa chitseko chawo. Patapita masiku awiri linabwerera pa positi, pamwamba atalembapo ndi pensulo kuti umboni wa wakuba. Kutchalitchi ndikakhala kumanzere, iwo kumanja. Pa Khirisimasi Esnart anawaphikira thobwa ndi nkhuku, ndinaima pakhomo ndikugogoda, katani ndikuliona likugwedera. Mbale ndinabwerera nazo. Grace, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chizungu, anandiimbira kuchokera ku Nottingham kufunsa kuti Ankolo, mwalakwirana chiyani ndi adadi, bwanjinso adadi sakuwapatsa moni a Fintan? Ndinamuuza kuti ndi ukalamba. Linali bodza lachiwiri.

Chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali chitseko chotsekacho ayi. Chinali kuwaona akufota. Ankakhulupirira kuti nkhani yawo ili m'mphepo, aliyense angathe kuitola. Pa misonkhano ya Amalawi ankakhala pakona, maso ali pa amene akuseka. Wina akanena mawu oti loya, iwo ankaika kapu pansi. Kenako anasiyiratu kubwera. Bambo wina wa ku Loughborough mayi ake anamwalira ku Mzimba, iye n'kuyamba zija za holide yatha, vidiyo ilipo. Tonse tinadikira kuti Achikulire afika m'mamawa ndi chipewa kumanja. Sanafike. Bamboyo sanapite.

Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, atakhala pa mpando. Analemberatu kuti adzaikidwe konkuno. Anthu anadabwa, munthu amene anatumiza ambirimbiri kumudzi, koma anadziyankha okha kuti ndale zija zinawapweteka mtima. Kumanda a Fintan anaima kumbuyo kwenikweni, ndipo mwambo usanathe anali atapita.

Patatha sabata ziwiri Grace anandipempha kuti ndikamuthandize kulongedza katundu. Linali Lamulungu. Ndinafika iye asanabwere, ndipo ndinapeza a Fintan ataima pa mpanda, atavala juzi lobooka pachigongono. Ndinali ndisanalankhule nawo chiyambire tsiku lija, poopa kuti madala angatione pawindo n'kunena kuti si izo. Anandikodola kuti ndilowe kwawo. Anathira tiyi.

"Anakuuzapo zimene ankandiganizira?"

Ndinati anali munthu wovuta kumumvetsa.

"Sanali wovuta ayi. Anandizindikira tsiku lija. Munthu amene ankagwira bodza la anthu a pa wailesi, akanalephera langa?"

Ndinaika kapu pansi. A Fintan anayang'ana m'tiyi mwawo n'kuyamba kufotokoza. Mayi awo ankadziwa kuti mwana wawo ndi kalaliki wa kampani ya misewu, wokhala mu ofesi yofunda. Suti ya pa chithunzi inali ya mwini nyumba imene ankachita lendi. Telegalamu itabwera anakwera sitima mpaka kudoko. Ali pamzere anayang'ana manja awo, ong'aluka, phula lili m'zikhadabo, n'kuganiza za azichemwali awo amene adzawagwire manjawo pakhomo la tchalitchi. Anatuluka pamzere.

"Sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Zaka zonsezi ndimakhala pambali pake ndikumumva akukalipira ana anu kuti apite akaike amayi awo. Iye boma linamuletsa. Ine ndinadziletsa ndekha. Nkhani ija itafika pa benchi ndinaona pensulo yake itaima, ndinati basi, wandigwira. Mawa lake ndinamupatsa moni pa mpanda, sanayankhe. Ndinati chabwino, wandiweruza, ndipo sanalakwe."



"Nanga dzira lija?" ndinafunsa, ngati chitsiru.

"Dzira? Mwana wanga, masiku amenewo ndani ankayenda ulendo wopanda dzira lowiritsa?"

Ndinakhala pamenepo ndikulimbana ndi lonjezo langa. Mwini wake anali m'manda, ndipo kutsogolo kwanga kunali munthu wamoyo amene akanafa akudziyesa nyansi pamaso pa mnzake. Ndinaliphwanyanso. Ndinawauza zonse: gauni ya ku Ghana, mlandu wa munda, siteshoni ya Leicester, mazira awiri.

A Fintan anandiyang'ana, khutu labwino atalozetsa kwa ine, ngati sanamve. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya tebulo, akuwatukwana a Kamwendo mawu amene sindingalembe pano, wabodza wa tayi, majisitireti wa masokosi. Kusekako kunasanduka kwina. Ndinayang'ana pawindo kuti ndiwapatse mpata.

"Chaka chathunthu," anatero atapukuta kumaso. "Khoma limodzi. Ukudziwa, sindinasiye kugogoda. Lamulungu lililonse, katatu. Ndikatero ndinkalozetsa wailesi yanga kukhoma n'kukweza mpaka pomaliza. Sanayankhepo ngakhale kamodzi. Mpaka pano ndimagogodabe, dzanja linazolowera."

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunatheretu. Ndinakwiyira a Kamwendo, munthu wanzeru chonchija, amene ankamva Lachiwiri losowa m'nkhani ya mlendo koma analephera kumva mnzake wa zaka makumi awiri akulira pambali pake. Ndinadzikwiyiranso ndekha. Ndikanapanda kuuza Esnart, bwenzi nditawayang'ana m'maso tsiku lija popanda chondiluma, mwina bwenzi atandikhulupirira, mwina bwenzi titagogoda limodzi pa chitseko cha a Fintan. Anagwira bodza lenileni m'mawu anga, kungoti analiika pa mlandu wolakwika.

Grace atafika ndi makiyi anali ndi kabuku ka mapemphero ka bambo ake m'chikwama. Mkati anapezamo tikiti ya ndege yakalekale, yosagwiritsidwa ntchito, ya mwezi umene agogo ake anamwalira. Anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinali nditatopa ndi kunama, ndiye ndinamuuza zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anapempha kuti akhale kaye m'galimoto, ine nditsogole.

Ndinalowa ndekha. Pabalaza pankanunkhabe polishi ya nsapato. Jekete lili pa msomali kuseri kwa chitseko, tayi ali m'thumba mwake. Kasipika kaja kanali pa shelefu, kovundikira ndi chipewa cha tiipoti, chingwe chokulungidwa, fumbi lili mbuu. Pawindo panali mpando umodzi wokha, wa a Fintan, pamalo pake penipeni. Pambali pake kapeti inali ndi timaenje tinayi pamene pankakhala miyendo ya mpando winawo.

Mpando wa a Kamwendo unali kutsidya kwa chipinda, wogunda kukhoma logundizana ndi a Fintan, utaikidwa cham'mbali. Pa pepala la pakhomalo, pa msinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi, panali banga lakuda la mafuta a m'tsitsi, lalikulu ngati chikhatho. Pansi pa mpandowo panali kope ndi pensulo. Ndinatsekula. Lamulungu lililonse linali ndi tsamba lake, osadumpha ngakhale limodzi, mpaka sabata imene anamwalira. Uyu wanama. Uyu wabisa za mlongo wake. Apa sindinamve bwino, akweze.

Ndikadali chiimire ndi kopelo m'manja, pakhoma panagogodedwa katatu. Kenako mayi wina wa ku Ireland anayamba kuwerenga, mawu ake akumveka bwinobwino, pa mpando palibe munthu.